Galimoto ikatentha pa chikweza: tiyambe taunika tisanathire madzi

Phunziro lapadera, Sukulu ya alimi ya m'munda, Chembe

Zofunika pa phunziroli: galimoto imene yagona usiku wonse osalizidwa, nsanza yochindikala, tochi, katoni yoyalira pansi, pepala ndi cholembera.

Sabata yatha titamaliza kuunika munda wathu wophunzirira, ndinafunsa kuti phunziro lapadera la lero likhale lotani. Ine ndimayembekezera kuti mutchula mbozi za tomato kapena kasungidwe ka chimanga. Koma amayi ena anayankha kuti, "Alangizi, mbozi tikuzidziwa kale. Tiuzeni za galimoto zimene zikutiwoletsera katundu panjira." Ambiri munawomba m'manja, ndiye lero tikamba zimenezo.

Ntchito yanga ndi ulangizi, ndipo sindinabwere kudzawalanda ntchito amakaniko. Ndabwera chifukwa ulimi sumathera pokolola. Mlimi wathirira miyezi itatu, wagula mbewu ndi feteleza, wathamangitsa mbuzi ndi anyani. Phindu lake limaoneka pokhapokha katundu atafika pamsika ali bwino. Inu a usipa ndi utaka mukudziwanso chimodzimodzi. Ambiri tilibe galimoto, timachita kubwereka kapena kukwera matola, koma galimoto ikafa panjira chimene chimaola ndi chathu, osati cha dalaivala.

Zimene zinatichitikira pa chikweza

Mu Okutobala wa chaka chatha, gulu lina limene ndimagwira nalo ntchito linabwereka pikapu yoti itengere madengu a tomato ku Monkey Bay. Ine ndinakwera nawo. Msewu wathu mukuudziwa: makilomita pafupifupi 18 kuchoka muno kukafika pamphambano ya msewu wa Monkey Bay, wokhotakhota m'mapiri a Lake Malawi National Park. Tinanyamuka dzuwa litakwera kale chifukwa ena anachedwa kupakira. Tili pakati pa chikweza, kamuvi ka geji ya kutentha kanayamba kukwera. Dalaivala anakaona, koma anati tingomaliza kaye chitundachi. Tisanafike pamwamba, nthunzi inatuluka mu boneti.

Mnyamatayo anatsika, n'kutsegula chotsekera cha radiyeta nthawi yomweyo. Madzi owira anamuwaza pamkono. Mnzake anatenga chigubu cha madzi ozizira n'kukhuthulira mu radiyeta. Injini inalira, tinayenda pang'ono, kenako inazima osadzukanso. Tinakhala pamenepo mpaka madzulo, wina akuthamangira naye kuchipatala wopsayo, ife tikulimbana ndi anyani. Tomato amene anafika pamsika mawa lake anali wofewa, ndipo tinagulitsa motaya.

Makaniko atafufuza anapeza kuti gwero la zonsezi linali kalabala kong'ambika pansi pa chotsekera cha radiyeta, chinthu chimene mtengo wake sufika ngakhale pa dengu limodzi la tomato. Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti dalaivala uja sanali wosasamala. M'mawa uliwonse ankatsegula boneti n'kuyang'ana kachigubu ka madzi, ndipo kankaoneka kodzaza. Chimene sankadziwa n'chakuti kachigubu kangathe kudzaza pamene radiyeta ili ndi ludzu.

Mfundo ya lero ndi imeneyi. Madzi a injini amaonedwa malo awiri, mu radiyeta ndi m'kachigubu. Tikayerekeza zimene taona malo awiriwa, vuto limayamba kudziulula lokha. Ndi njira yomwe ija timatsata m'munda mwathu: kuona, kulemba, kukambirana, kenako n'kumanga mfundo. Sitipopera mankhwala tisanatembenuze tsamba kuti tione chimene chikudya mbewu. Pa injini napo tisathamangire kuthira madzi kapena kugula chipangizo tisanaunike.

Momwe madzi amayendera mu injini

Injini imagwira ntchito potentha mafuta, ndipo moto umenewu ukanasiyidwa wokha ukanaononga zitsulo m'mphindi zochepa. Choncho mkati mwa injini muli tinjira timene mumayenda madzi. Madziwo amatenga kutentha, n'kutuluka kudzera pa paipi yapamwamba kupita mu radiyeta. Radiyeta ndi chija chili kutsogolo chooneka ngati chisa cha njuchi. Mmenemo madzi amagawikana m'timachubu ting'onoting'ono, mphepo imawaziziritsa, ndipo amabwerera mu injini kudzera pa paipi yapansi.

Pali othandiza anayi. Pampu imakankha madzi kuti azizungulira, ndipo m'galimoto zambiri imayendetsedwa ndi lamba. Fani imakoka mphepo pamene galimoto yaima kapena ikuyenda pang'onopang'ono. Thermostat ndi kachitseko kamene kamatseka njira yopita ku radiyeta injini ikadali yozizira, n'kutseguka yokha madzi akatentha. M'galimoto zambiri za ku Japan zimene timaziona kuno imayamba kutseguka pa madigiri 82 kapena 88. Wachinayi, amene anthu amamunyozera, ndiye chotsekera cha radiyeta.

Chotsekerachi si chivundikiro wamba ngati cha chigubu. Chili ndi sipuling'i ndi timalabala, ndipo ntchito yake ndi kupanikiza madzi kuti asawire msanga. Madzi a mumphika amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kuno kwathu, poti tili pamtunda wa mamita pafupifupi 470, amawira pa madigiri pafupifupi 98. Injini ikamagwira ntchito bwino madzi ake amakhala kale pakati pa madigiri 80 ndi 95, ndiye mukuona kuti mpata wake ndi wochepa. Koma chotsekera chabwino chimachititsa kuti madziwo asawire mpaka kuyandikira madigiri 120. Mukayang'ana pamwamba pake mupeza nambala, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1. Nambala imeneyo ndi mphamvu yake yopanikizira, ndipo pogula china muzifuna cha nambala imene galimotoyo inapangidwira.

Tsono madzi akatentha amafufuma, ngati mmene mkaka umakwerera mumphika. Otsalawo amakankha sipuling'i ya chotsekera n'kudutsa m'kapaipi kakang'ono kupita m'kachigubu kapulasitiki kali pambali. Injini ikazima n'kuzizira, madzi a mkati amabwerera mwakale, ndipo radiyeta imayamwanso aja inasungitsa m'kachigubu kudzera pa kavalavu kena kakang'ono ka pa chotsekera chomwecho. Kachigubu kali ngati nkhokwe: kamalandira pochuluka, kamabweza pochepa. N'chifukwa chake kali ndi mizere iwiri, wapamwamba wolembedwa FULL kapena MAX, wapansi LOW kapena MIN. Madzi kukwera pang'ono injini ikatentha n'kutsika ikazizira si matenda, ndi umboni woti zinthu zikuyenda.

Dziwaninso kuti galimoto zina, makamaka za ku Ulaya, zilibe chotsekera pa radiyeta. Chotsekera chopanikiza chija chimakhala pa kachigubu penipeni, ndipo kachigubuko kamatentha ndi kupanikizika ngati radiyeta. Pa galimoto zotere, chenjezo lonse la radiyeta likhale la kachigubu.

Lamulo loyamba: yotentha sitsegulidwa

Ngati muiwale zonse za lero, ichi chokha musaiwale. Madzi a mu injini yotentha angathe kukhala atapitirira madigiri 100 koma osawira chifukwa apanikizidwa. Mukangomasula chotsekera, onse amawira nthawi imodzi n'kutumphuka ngati kasupe, kumaso ndi m'manja. Dikirani mpaka mutatha kugwira paipi yapamwamba ndi dzanja osapsa, ndiponso itafewa mukaifinya. Nthawi zambiri pamafunika theka la ola kapena kupitirira apo. Potsegula ikanipo nsanza yochindikala, nkhope muilozetse kumbali, potokolani pang'ono kuti mpweya uyambe watuluka, kenako mutsegule chonse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musathirenso madzi ozizira mu injini imene yangowira kumene. Amayi mukudziwa chimene chimachitika mphika wadothi wotentha ukathiridwa madzi ozizira. Mutu wa injini nawo ungathe kupindika kapena kung'aluka, ndipo kukonza kwake kumadya ndalama zoposa phindu la dimba lonse.

Wina akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pamalopo kwa mphindi 20, muvule mphete kapena wotchi pasanatupe, ndipo mupite naye kuchipatala. Musapakepo oyilo, mankhwala otsukira mano kapena dzira.

Kuunika kwa m'mawa

Nthawi yabwino younika ndi m'mawa galimoto isanalizidwe, itaima pamalo osapendekeka. Yang'anani mzere wa madzi m'kachigubu. Kenako tsegulani radiyeta: madzi ayenera kufika pakhosi penipeni. Mupeza chimodzi mwa zinthu zinayi izi.

Choyamba: kachigubu kadzaza, koma radiyeta ndi yoperewera. Izi ndi zija zinatigwetsa pa chikweza. Madzi akupita kunkhokwe koma sakubwerera. Yambani ndi chotsekera: onani ngati timalabala tang'ambika, tauma kapena tafufuma, ndipo kokani pang'ono kavalavu kapakati kuti muone ngati sikanamatirire. Kenako tsatani kapaipi kopita ku kachigubu. Ngati kang'aluka, kapindika, katsekeka ndi matope, kapena kachubu ka mkati mwa kachigubu kagwa, radiyeta imayamwa mpweya m'malo mwa madzi, monga zimachitikira pampu yothirira paipi yake yokokera madzi ikabooka. Kabowo kakang'ono pena paliponse pa mapaipi kangachititsenso zomwezi. Chizindikiro china ndi paipi yaikulu imene mwaipeza itaphwatalala m'mawa ngati yayamwidwa. Imeneyo ikuloza kavalavu ka chotsekera kapena kapaipi kotsekeka.

Chachiwiri: kachigubu kauma, radiyeta nayo yaperewera. Apa madzi akuthawa. Yalani katoni pansi pa injini usiku, m'mawa muone pamene padontha. Unikani ndi tochi polumikizira mapaipi onse, m'mbali mwa radiyeta pamene pulasitiki wakumana ndi chitsulo, ndi pansi pa pampu. Pampu ili ndi kabowo kamene kamayamba kudontha ikatha mkati. Madzi ena amadontha injini ikatentha yokha n'kuuma pomwepo, ndiye funani mizere yoyera, yobiriwira kapena yofiirira imene amasiya. Gwiraninso kapeti ya kutsogolo kumbali ya wokwera. Ikakhala yonyowa ndi kununkhira motsekemera, chikudontha ndi kachipangizo kotenthetsera mpweya wa mkati mwa galimoto. Madzi a m'galimoto yabwino satha ngati mafuta. Dalaivala akamati "iyi timathira tsiku lililonse, ndi mmene ilili," dziwani kuti galimotoyo ikudwala.

Chachitatu: kachigubu kokha ndiko kauma, radiyeta ndi yodzaza. Onani ngati kachigubuko sikanang'aluke pansi, chifukwa pulasitiki amauma ndi kutentha kwa zaka zambiri. Ngati kali bwino, ndiye kuti pali kudontha pang'ono kumene radiyeta yakhala ikukwaniritsa poyamwa m'nkhokwe. Apa mwalipeza vuto likadali laling'ono. Thirani kufika pa mzere, ikani chizindikiro ndi cholembera, ndipo muonenso pakatha masiku awiri kapena atatu.

Chachinayi: zonse ndi zodzaza, koma galimoto ikutenthabe. Apa madzi alipo, koma mwina sakuzungulira kapena sakuzizira. Funso lotithandiza ndi lakuti: imatentha nthawi yanji?

Imatentha nthawi yanji?

Ikamatentha pamene yaima ikulira, kapena ikuyenda pang'onopang'ono mumchenga wa m'mudzi muno, koma n'kuzizira ikafika pamsewu wothamanga, ganizirani fani. Pothamanga mphepo imalowa yokha, poima imadalira fani. Ngati ndi fani yamagetsi, iyenera kuyamba kuzungulira yokha injini ikatentha; ikapanda kutero, makaniko aone fyuzi, mawaya ndi mota yake. Musaike dzanja pafupi nayo, chifukwa ina imadzuka ngakhale injini itazimitsidwa. Ngati ndi fani yoyendera lamba, zimitsani injini, dinikizani lamba ndi chala, muone ngati wakhwefuka, wang'ambika kapena wasalala.

Ikamatentha pa chikweza kapena ikasenza katundu wolemera, koma pamalo athyathyathya ili bwino, ganizirani radiyeta yotsekeka. Imatsekeka kunja ndi mkati. Kunja mumalowa fumbi, mankhusu, njere za udzu ndi tizilombo, makamaka nkhungu zikatuluka panyanja. Ikani tochi kumbuyo kwa radiyeta muone ngati kuwala kukudutsa. Tsukani ndi madzi osathamanga kwambiri kuchokera kumbali ya injini kupita kunja, osakolosa ndi waya chifukwa timapepala take timapindika msanga. Mkati mumatsekeka ndi dzimbiri ndi matope. Injini itatentha n'kuzimitsidwa, makaniko amayendetsa dzanja pankhope pa radiyeta. Malo amene akhala ozizira pakati pa malo otentha ndiwo atsekeka. Tisaiwalenso mbali yathu. Pikapu yopangidwira tani imodzi tikaisenzetsa matumba, madengu ndi anthu pamwamba, pa dzuwa la Novembala, ngakhale radiyeta yatsopano ivutika.

Ikamatentha msangamsanga mutangoyenda pang'ono, paipi ina ili yotentha kwambiri pamene inzake ndi radiyeta zili zozizira, kawirikawiri thermostat yakanirira chotseka. Pampu imene mapiko ake adyeka ndi dzimbiri ingachitenso chimodzimodzi. Kamuvi kakamakwera ndi kutsika mosakhazikika, makamaka pambuyo posintha paipi kapena kukhetsa madzi, mwina mwatsalira mpweya umene uyenera kutulutsidwa.

Pomaliza, kamuvi kakakwera kwambiri kenako n'kugwa kokha mwadzidzidzi mukuyenda, musasangalale. Nthawi zina zimatanthauza kuti madzi atheratu, ndipo kachipangizo koyezera kutentha kakungoyeza mpweya. Imani.

Zizindikiro za vuto lalikulu

Pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake pali gasiketi, imene imalekanitsa moto, oyilo ndi madzi. Injini ikatenthedwa mobwerezabwereza gasiketiyo imapsa, ndipo zitatuzi zimayamba kulowererana. Zizindikiro zake ndi izi. Kachigubu kamasefukira n'kumatulutsa thovu losalekeza injini ikulira. Paipi yapamwamba imalimba ngati tayala patangopita mphindi zochepa mutaliza injini yozizira. Ku ekizozi kumatuluka utsi woyera wochuluka umene sutha ngakhale injini itatentha. Oyilo pa kandodo koyezera amaoneka ngati tiyi wamkaka, kapena m'madzi a radiyeta mumayandama mafuta. Madzi amatha koma pansi osadontha kanthu.

Mukaona chimodzi mwa izi, galimotoyo si yokwezamo katundu wa gulu. Kusintha chotsekera sikungachize gasiketi yopsa. Koma kumbukirani kuti gasiketi kawirikawiri ndi mathero a nkhani. Chiyambi chake chimakhala kalabala, kapaipi kapena lamba amene ananyalanyazidwa.

Zizolowezi zinayi zimene zimapha injini

Choyamba ndi kuchotsa thermostat. Mumamva anthu akunena kuti chimenechi ndi cha mayiko ozizira, kuno sichifunika. Koma thermostat ndi imene imasunga injini pa kutentha koyenera. Ikachotsedwa, injini imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga mkati. M'mainjini ena thermostat imatsekanso kanjira kachidule kobwerera mu injini, ndiye ikachoka madzi ena amangozungulira osafika ku radiyeta. Choipa kwambiri n'chakuti kuichotsa kumabisa vuto lenileni, limene lidzaonekere pa chikweza. Ikaonongeka, isinthidwe. Kuiyesa n'kosavuta: iikeni mumphika wa madzi pamoto, iyenera kutseguka madzi asanawire.

Chachiwiri ndi kuthira dzira, sopo kapena ufa mu radiyeta kuti zitseke podontha. Zimatsekadi kabowo kwa kanthawi, koma zimatsekanso timachubu timene madzi amazizirira. Mwachiza bala n'kutseka mtsempha.

Chachitatu ndi kuyendera madzi okhaokha, makamaka otunga m'mphepete mwa nyanja kapena pa mjigo. A m'mphepete mwa nyanja amabwera ndi mchenga ndi ndere. A pa mijigo ina amasiya zoyera zija mumaziona pansi pa ketulo. Onsewa amabweretsa dzimbiri. Mankhwala amtundu aja amawatcha coolant sikuti ndi oletsa madzi kuundana kumayiko ozizira kokha; amatetezanso zitsulo ku dzimbiri ndipo amachititsa kuti madzi asawire msanga. Ena amagulitsidwa osakaniza kale, ena mumasakaniza nokha, kawirikawiri theka ndi theka. Werengani pa botolo, ndipo musaphatikize mitundu yosiyana. Pangozi panjira, madzi aukhondo alionse ndi abwino kuposa radiyeta youma, koma mukafika akhetsedwe n'kuikamo oyenera.

Chachinayi ndi kutaya coolant paliponse. Ambiri amapangidwa ndi mankhwala otchedwa ethylene glycol, amene amatsekemera koma ndi poizoni woononga impso. Mbuzi, galu ngakhale mwana angathe kumwa. Musasunge m'botolo la zakumwa, musasiye m'beseni pabwalo, ndipo musakhetsere kugombe kumene timatunga madzi, kuchapa ndi kuyanika nsomba. Nyanja yathuyi ndi munda wa mudzi wonse, ndipo nsomba zake, makamaka mbuna, ndi zimene zinachititsa kuti UNESCO iike paki yathu pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Tizisamala nawo ngati mmene tinaphunzirira kusamala mankhwala opopera mbewu.

Zikachitika muli panjira

Kamuvi kakayamba kulowera kofiira, uzani dalaivala aime pamalo oyamba otetezeka, osati pakona. Musalole mawu akuti tingomaliza chitundachi. Pa chikweza ikani miyala kumatayala. Ngati kukutuluka nthunzi kapena madzi akutayika, injini izimitsidwe nthawi yomweyo, ndipo boneti itsegulidwe nthunzi ikaleka. Pamene mukufuna poima, kuzimitsa choziziritsa mpweya ndi kuyatsa chotenthetsa mkati mpaka kumapeto kumathandiza kuchotsako kutentha mu injini, ngakhale okwera adandaule.

Podikira kuti izizire, gwirani ntchito ziwiri. Ena asamale katundu: kumuphimba kapena kutsitsira pamthunzi. Ena aunike ndi maso okha: kachigubu kali pati, pansi pakudontha chiyani, lamba alipo, fani imazungulira? Ikazizira, tsegulani mwa njira ija, thirani madzi pang'onopang'ono, lizani injini, muone ngati akutayika kapena kuchita thovu. Ngati zili bwino, yendani modekha diso lili pa geji mpaka kwa makaniko. Ikatenthanso, imani ndipo muimbe foni yofuna galimoto ina. Kulipira galimoto yachiwiri kumawawa, koma sikufanana ndi kutaya katundu yense pamodzi ndi injini ya mwini wake.

Inu a maboti, nzeru yake ndi yomweyi ngakhale injini zanu zilibe radiyeta. Zimayamwa madzi a m'nyanja, ndipo kamkodzo kaja kamatuluka kumbuyo ndiko geji yanu. Kakafooka kapena kusiya, zimitsani, muone ngati pulasitiki, ndere kapena mchenga sizinatseke polowera madzi.

Zimene gulu lingachite

Ndife obwereka, koma ndife olipira, ndiye tili ndi ufulu wofunsa. Safunsa anadya phula. Ndikupempha kuti tikambirane mfundo izi ndipo zimene tigwirizane zilembedwe m'buku la gulu.

Tisankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, amene azikaona galimoto pamodzi ndi dalaivala m'mawa isanalizidwe. Azikapempha mwaulemu kuti aone malo onse awiri, radiyeta ndi kachigubu, komanso chotsekera, lamba ndi pansi pa injini. Ndi ntchito ya mphindi zisanu. Aonenso ngati geji ya kutentha ikugwira ntchito, chifukwa galimoto ya geji yakufa ili ngati kuyenda panyanja usiku popanda nyali. Tizinyamula chigubu cha malita asanu a madzi aukhondo ndi nsanza. Tizipakira madzulo kuti tinyamuke mbandakucha, tidutse mapiri dzuwa lisanakwere, zimene zimathandiza injini ndi tomato yemwe. Tigwirizane malire a katundu tisanayambe kukweza. Ndipo tisanapereke ndalama, timvane ndi mwini galimoto kuti ikafa panjira, wolipira galimoto yachiwiri ndi ndani.

Ntchito ya m'magulu

Tsopano tigawikane m'magulu athu aang'ono a nthawi zonse. Abambo amene atibwereka galimoto yawo lero tikuwathokoza kwambiri. Yagona pano chigonere ndipo ndi yozizira. Gulu lililonse lipite pa galimotoyo, lijambule pa pepala njira ya madzi kuchoka mu injini, kupita mu radiyeta, m'kachigubu ndi kubwerera, monga timajambulira mbewu ndi tizilombo take. Aliyense agwire chotsekera ndi dzanja lake, aone timalabala ndi nambala yake. Amayi musaime kumbuyo, chifukwa nthawi zambiri operekeza katundu kumsika ndinu.

Kenako muyankhe mafunso atatu awa, ndipo gulu lililonse lidzafotokozere anzawo:

1. Mwapeza kachigubu kodzaza koma radiyeta yoperewera. Muyamba kuona chiyani, ndipo chifukwa chiyani?
2. Galimoto ikutentha ikaima pamsika koma pamsewu ili bwino. Mukuganizira chiyani?
3. Dalaivala akuti galimoto yake ilibe vuto, amangoithira madzi m'mawa uliwonse. Gulu limuyankha bwanji popanda kuyambana naye?

Sabata yamawa tibwerera ku tomato wathu, tikaone ngati mbozi zija zachepa m'chigawo chimene tinatola ndi manja. Amene mukwere matola sabata ino, pemphani dalaivala akutsegulireni boneti m'mawa, ndipo mudzatiuze zimene mwapeza.